Sabata ya matrayango ndi Grade 8 yanga

Sabata yathayi ndinali pa matrayango ndi Grade 8, kalasi yodzaza mpaka kukhomo koma maprotractor, zipangizo zoyezera ngodya, analipo asanu basi, enanso manambala anafufutika kale. Mande ndinangojambula pa bolodi, equilateral ya mbali zonse zofanana ndipo ngodya iliyonse ndi madigiri 60, isosceles ya mbali ziwiri zofanana, scalene yomwe palibe mbali yofanana ndi inzake. Ana anakopera bwinobwino m'makope.

Chiwiri ndiye mtima unandiwawa. Ndikafunsa kuti ngodya zitatu pamodzi zimakwana zingati onse akuyimba 180 ngati nyimbo ya ku tchalitchi, koma nditawapatsa 70 ndi 50 kuti apeze yotsalayo kalasi yonse zii, amene anapeza 60 anali owerengeka. Analoweza chabe, chimene 180 ikutanthauza sanachione.

Chitatu ndinabwera ndi mapepala akale a ku staffroom. Ndinati aliyense ajambule trayango yake mmene akufunira, yonenepa kaya yoonda, aidule, kenako ang'ambe makona onse atatu n'kuwaika pamodzi nsonga zikumane pamphepete pa rula. Zimapanga mzere woongoka, ndipo mzere woongoka ndi 180 imene ija. Kamtsikana kena kakumbuyo komwe sikayankhula chiyambire term kanakuwa kuti aticha ngakhale yanga yoonda ija yachitanso! Anzake anayamba kudula zina zopotoka dala kuti mwina ikana, koma ayi ndithu sinakane.

Chinayi kunali amisiri amene akumanga zimbudzi kuseri kwa sukulu, ndinawapempha ndipo anavomera kuti ana aone mmene amaongolera kona ya maziko. Abambo aja anakhoma zikhomo, kukoka chingwe, kuyeza 3 mbali iyi, 4 mbali inayo, n'kunena kuti pakati apa pakapanda kukwana 5 ndiye kuti nyumba yapotoka, yambiranso. Pythagoras, lamulo la mbali za trayango ya kona ya 90, sitinafikeko koma ndinalemba pansi ndi kamtengo kuti 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9, 4 kuchulukitsa ndi 4 ndi 16, 9 kuphatikiza 16 ndi 25, ndipo 25 ndi 5 kuchulukitsa ndi 5, kona imeneyo ndi 90 yeniyeni. Ine ndimaona kuti anthu ngati awa tiziwaitana m'kalasi kawirikawiri, anyamata amene amagona nthawi ya masamu anali patsogolo kulimbirana tepi.

Chisanu ndinapereka ka test. Za ngodya ambiri akhoza ndipo ndinasangalala zedi, koma area, kukula kwa malo a mkati mwa trayango, yatigwetsa, ena akuiwala theka lija la base (mbali ya pansi) kuchulukitsa ndi height (msinkhu), ena akutenga mbali yopendekeka kuti ndiye height pomwe height imayenera kuima chilili pa base. Ndawatuma kuti pa weekend ayang'ane felemu ya njinga, poti kuno ku Chipata njinga sizisowa, ndi mitengo ya denga kunyumba kwawo, abwere atajambula matrayango amene apeza. Mande tiyambira pa height pomwepo, ndibweretsa chingwe chomangirira kamwala kuti aone mzere woima chilili.