Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Tsiku limene kampopi ka firiji kanauma

Abambo atatuluka m'chipatala anabwera kudzakhala kwanga. Sitiroko inawasiya dzanja lamanja lili lende, ndipo zambiri zimene ankachita okha anayamba kuchitiridwa: kumanga mabatani a malaya, kumeta ndevu, kutsegula botolo la mankhwala. Koma madzi akumwa ankatunga okha. Firiji yathu ili ndi kampopi pachitseko, umangokankha kapu pakapulasitiki kamene kali pansi pake, madzi ozizira n'kumatuluka. Dzanja limodzi limakwanira. Munthu amene sanadwazikepo kholo sangamvetse kukula kwa kanthu kakang'ono ngati kameneka, koma ine ndinkaona mmene nkhope yawo inkawalira akabwerera pampando atanyamula kapu yodzaza osapempha aliyense.

Tsiku lina m'mawa ndinawapeza ataima pafirijipo, kapu ili gwa pakapulasitiki kaja, koma popanda ngakhale dontho.

"Mwana wanga, madzi akana," anatero motsitsa mawu. "Kapena ndine ndaononga?"

Funso limeneli linandilasa mtima. Ndinawatungira pampopi wa kukhitchini, ndikudziuza kuti dzuwa lisalowe ndisanapeze vuto.

Ndinayamba ndi loko. Mafiriji amenewa amakhala ndi batani lotsekera kampopi kuti ana asaseweretse madzi, ndipo ukaligwira kwa masekondi atatu limatseka kapena kutsegula. Kanyali kake kanali kozima, choncho vuto silinali pamenepo. Ndinaonanso ngati zitseko zatsekeka bwino, popeza chitseko chikangotseguka pang'ono kampopi sikagwira ntchito. Zonse zinali m'malo mwake.

Ndinaimbira achimwene, amene amadziwako za mapaipi.

"Mlongo, ayezi ikupangabe?" anafunsa.

Ndinasuzumira m'kabokosi ka ayezi, kali thoo.

"Ndiye kuti madzi akufika mufirijimo. Usalimbane ndi mpopi wa kukhoma. Tsatira njira ya madziwo mpaka upeze pamene akuimira."

Anandilongosolera njira yake, ine ndikulemba papepala. Madzi amachokera pampopi wa kukhoma, amayenda m'kapaipi kakang'ono ngati pensulo, n'kulowa kuseri kwa firiji. Kumeneko kuli valavu yoyendera magetsi imene imatseguka pokhapokha munthu akakankha kapulasitiki kaja. Amadutsanso mu fyuluta yosefa zinyalala ndi m'kathanki kamene kamawaziziritsa, kenako amatsikira pansi, n'kulowa m'chitseko kudzera pahinjesi ya m'munsi, n'kukwera mpaka pakampopi. Chitseko chimenechi ndi cha mbali youmitsa zinthu, ndipo mfundo imeneyi ndinaiona kufunika kwake pambuyo pake.

Ndinakoka firiji kuichotsa kukhoma kuti ndione ngati kapaipi kapindika, chifukwa zimachitika munthu akaikankhira m'mbuyo mwamphamvu. Kanali kowongoka. Ndili komweko ndinapempha abambo kuti akankhe kapu, ine nditatchera khutu pavalavu. Inalira "ka!" kenako n'kumang'ung'udza chapansipansi. Ndiye kuti kaswitchi kamene kali kuseri kwa kapulasitiki kaja kali bwino ndipo magetsi akufika pavalavu. Ikanakhala zii, bwenzi ndikukayikira kaswitchi kapena valavuyo.

Fyuluta ndinaisintha, poti inali itakhala miyezi 9 pamene imayenera kusinthidwa pa miyezi 6 iliyonse, ndipo ikadzaza zinyalala madzi amayamba kutuluka mwaulesi mpaka kusiyiratu. Yatsopano inali m'kabati kale. Ndinaipotokola mpaka inagwira, ndinakankha kapu, koma madzi osabwera. Apa mtima unayamba kugwa.

Panatsala malo amodzi. Ndinachotsa chivindikiro cha kunsi kwa firiji n'kugona chafufumimba pansi. Pafupi ndi hinjesi ndinaona polumikizira, pamene kapaipi kochokera mufiriji kamakumana ndi kolowa m'chitseko. Sipafuna sipanala. Umakankhira mkati kamphete kamene kali kukamwa kwa cholumikiziracho, n'kukoka kapaipi, kamatuluka kokha. Ndinaika beseni.

"Abambo, kankhaninso."

Madzi anathovoka m'beseni mwamphamvu, ena kundithira kumaso. Abambo anaseka, kuseka koyamba kuchokera pamene anabwera kwanga. Tsono zinaonekeratu kuti madzi akufika mpaka pansi pa chitseko. Ndinatenga mbali yolowa m'chitseko n'kuuziramo mpweya ndi pakamwa. Masaya anatupa, mpweya osadutsa. Madzi anali ataundana m'kapaipi mkati mwa chitseko.

Chifukwa chake ndinachikumbukira ndili chigonere pansi pomwepo. Sabata yapitayo ndinali nditadzaza mbali youmitsa zinthu, ndipo pofuna kuti ziume msanga ndinatsitsa kuzizira kufika madigiri -23, osabwezanso. Muyezo wake ndi -18. Kapaipi kaja kamadutsa m'chitseko chimene mbali yake imodzi imayang'anizana ndi chisanu chonsecho, ndiye usiku, pamene palibe amene akutunga, madzi ongokhala amaundana.

Ndinazula pulagi, ndinasamutsira zoundana zonse m'bokosi losunga kuzizira, n'kusiya chitseko chili pululu. Ndinatenga makina oumitsira tsitsi, kuwaika pa kutentha kochepa, n'kumawayendetsa chapatali mkati mwa chitseko, kuseri kwa kampopi. Apa pamafunika kudekha, chifukwa pulasitiki ya m'firiji sichedwa kupindika ikatenthedwa malo amodzi, ndipo ikapindika sibwereranso. Waya kapena chinthu chosongoka sindinalowetse m'kapaipi: kakabooka mkati mwa chitseko, kukafika n'kovuta kwambiri.

Abambo anakokera mpando pafupi. Anagwira tochi ndi dzanja lamanzere n'kumaunika pamene ndikugwira, ndipo dzanja likatopa ankalitsamiritsa pabondo, kuwala osakusuntha. Mphindi zingapo zilizonse ndinkagonanso pansi kuuzira mpweya. Patatha pafupifupi maola awiri ndinamva kanthu kakusuntha, kenako kampopi kanalavula timadzi ndi tizidutswa ta ayezi, mpweya n'kudutsa bwinobwino.

Ndinabwezera kapaipi mpaka kanafika pamapeto, ndinakakoka pang'ono kuona ngati kagwira, ndinalumikiza magetsi n'kubweza kuzizira pa -18. Poyamba kampopi kanatsokomola, kakutulutsa mpweya ndi madzi otuwa chifukwa cha fumbi la makala a mu fyuluta yatsopano. Ndinatunga ndi kutaya malita angapo mpaka madzi anayera mbee.

"Bwerani muyambe ndinu," ndinawauza.

Anaimirira pang'onopang'ono, anakankha kapu, madzi anatsika. Anamwa theka ataima pomwepo.

Usiku umenewo ndinadzidzimuka cha m'ma 2 koloko. Ndinamva ndodo yawo ikugunda pansi kulowera kukhitchini, kenako valavu ija inalira "ka!" ndipo madzi anayamba kugwera m'kapu. Ndinadikira mpaka ndinamva chitseko cha kuchipinda kwawo chikutsekeka, ndipo ndinagonanso.