Sipiriti wa pepo pa kolamu ya alumina

Sabata yathayi inayamba monga mwa masiku onse m'labotale ya pakoleji pathu: kutsuka mabureti, kukonza asidi ndi alkali za ophunzira a chaka choyamba, ndi kulemba m'buku mankhwala amene atha. Chimene chandikwiyitsa chinachitika Lachitatu, pamene tinkakonzekera phunziro lolekanitsa mitundu iwiri ya utoto, methyl orange (wa olenji) ndi methylene blue (wa buluu), pa kolamu ya alumina, yomwe ndi chubu cha galasi chodzazidwa ndi ufa wa alumina.

Anzanga a ntchitoyi mukudziwa kuti phunziroli lagona pa zosungunulira ziwiri zotsatana, zamadzimadzi zimene timathira mu kolamu kuti zitsitse utoto. Ethanol wa 95% amatsitsa methylene blue poyamba, pamene methyl orange, chifukwa cha gawo la molekyulu yake lotchedwa sulfonate, amakangamira pa alumina mpaka titasinthira ku madzi. Pempho la ethanol ndinalemba kalekale, koma a ku ofesi yogula katundu, osafunsa aliyense wa ife, anatibweretsera sipiriti wa pepo wa m'sitolo ponena kuti ndi chinthu chomwecho ndipo ngwotsika mtengo. Utoto umene amathira mu sipiritiyu kawirikawiri umakhala methyl violet, yemwe ali ndi chaji (mphamvu ya magetsi ya molekyulu) yofanana ndi ya methylene blue, choncho nditayesa, kolamu inadetsedwa ndi pepo ndipo malire a mzere wa buluu sanaonekenso bwino. Wophunzira angamvetse bwanji kulekanitsa mitundu iwiri pamene chosungunulira chikubwera ndi mtundu wachitatu? Zonsezi zikuchitika m'dziko limene limapanga lokha ethanol ku Dwangwa ndi ku Chikwawa.

Aphunzitsi anaganiza zoti tiyese zosungunulira zina, hexane kapena chloroform, zimene zinatsala pashelefu. Ndinawafotokozera kuti hexane sangasunthe utoto uliwonse mwa awiriwa popeza onse ndi mankhwala a gulu la mchere amene sasungunuka mu hexane, ndipo chloroform ndinakaniratu, chifukwa kabati yokoka mpweya woipa inawonongeka ndipo akuluakulu akungolonjeza kuti adzaikonza. Mmalo mwake ndinatcheza sipiritiyo pa madigiri 78 kuti utoto utsale m'botolo, ntchito imene inafika usiku chifukwa magetsi anazima ili mkati. Zotchezazo ndinaziyesa kaye pa kakolamu ka mu Pasteur pipette (kachubu kakang'ono ka galasi) ndisanawononge alumina wambiri.

Lachinayi buluu anatsika yekha, ndipo titathira madzi methyl orange anatsatira. Lachisanu ndinawerenga katundu ndi kulembanso pempho, ulendo uno nditanena momveka kuti tikufuna ethanol wopanda utoto. Alumina watsala wokwanira kalasi imodzi yokha, ndipo kalata ya kabati ija sinayankhidwebe.