Tanthauzo Lachinayi

Pasukulu pathu kuno ku Dedza, pakafunika munthu woyankhula Chizungu pamwambo, chala chimaloza ine. Ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri, moti ana ankanditcha "Dikishonale" ndikangopotoloka. Dzinalo ndinkalimva, ndipo kunena zoona linkandikomera.

Tinali ndi mphunzitsi wongodzipereka wochokera ku Ohio, ku America, yemwe anakhala nafe zaka ziwiri akuphunzitsa sayansi. Tonse tinkangoti Madamu. Anali munthu. Chitenje ankamanga osagwa, nsima ankaphika yopanda mibulu, m'mudzi mukagwa maliro ankagona kusiwa pamodzi ndi amayi. Ukapita kwake sunkachoka usanamwe tiyi ndi chigumu.

Nthawi yake yobwerera itayandikira, ahedi anandiitana. "Aphunzitsi, mawu otsanzikana ndi anu. Makolo a Madamu akubwera kudzawatenga, ndiye musatichititse manyazi. Mutulutse Chizungu chija mumabisa."

Usiku womwewo ndinakhala patebulo. Ndinkafuna liwu limodzi lonyamula zonse: wolandira alendo, wosadzikweza, wodziwa pakhomo. "Kind" ndinaona kuti ndi Chizungu cha Sitandade 5. Kenako m'mutu munabwera "homely". Ndinatsitsa dikishonale yanga yaikulu ya ku Britain, yomwe imagwiranso ntchito yotsamiritsa chitseko kukachita mphepo. Tanthauzo loyamba: malo oti ukalowa umamva ngati uli kwanu. Lachiwiri: chinthu chosachulutsa zambiri koma chabwino, monga chakudya chophikidwa pakhomo. Lachitatu: mzimayi wansangala, wokonda pakhomo ndi banja. Ndinamenya tebulo. Pomwepo magetsi anathima.

"Abambo ake, kandulo yatsala imodzi, ndipo ndi ya mwana wolemba mayeso," anatero mayi akunyumba ali kuchipinda. Ndinatseka bukulo n'kukagona mtima uli m'malo. Kunsi kwa tsambalo kunali tanthauzo lachinayi.

Tsikulo linali la mu Julaye, kukuzizira mwa Dedza penipeni. Holo inadzaza: ana asukulu, a komiti, amfumu, amayi a m'mudzi atavala zitenje zofanana. Kutsogolo kunakhala Madamu, bambo awo, chimunthu chachitali chogwira kapu ya thobwa mosamala ngati mankhwala, ndi mayi awo akujambula chilichonse pafoni. Mnzanga wophunzitsa Chichewa anaima pambali panga kuti azimasulira.

Ndinakonza tayi, n'kutulutsa mawu a m'mphuno: "Madam is the most homely woman I have ever seen."

Mnzanga uja anamasulira monga ndinamuuzira m'mawa: "Akuti sanaonepo mayi wodziwa pakhomo ngati ameneyu!" Nthungululu zinang'amba denga. Bambo aja anatsamwa thobwa. Ine ndinati ndi chimera, azungu sanazolowere.

Ndinapitiriza. Ndinati tsiku loyamba lomwe Madamu anatsika minibasi, ngakhale ana aang'ono anaona okha kuti munthuyu ndi homely. Ndinati akazi ena amayesetsa kuti akhale homely koma amalephera, pamene Madamu ndi chibadwa. Ndinati boma lonse la Dedza, kuyambira ku Linthipe mpaka ku Mtakataka, simungapeze wowaposa. Anthu m'manja phwaphwaphwa. Nkhope ya Madamu inafiira ngati tomato wa ku Bembeke, mapewa akugwedezeka, dzanja lili pakamwa. Ine mumtima ndinati, wawaliza munthu, Chizungu chalowa.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwinoko. Koma m'manja mumaledzeretsa. Ndinasiya pepala, n'kutembenukira kwa mayi aja, n'kuwerama pang'ono. Ndinati lero ndaona kumene Madamu anatengera, chifukwa mayi awo ndi homely kuposanso mwana.

Foni ija inatsika pang'onopang'ono. Amfumu anaimirira kudzandigwira chanza.

Nthawi ya chakudya Madamu anandikodola, tinapita kuseri kwa labu. Misozi inalidi m'maso, koma inali ya phwete. Anayankhula m'Chichewa chawo chopindika chija. "Aphunzitsi, zikomo kwambiri. Koma kwathu, mukanena munthu kuti homely, ndiye kuti ndi wosaoneka bwino. Nkhope."

"Nkhope yatani?"

"Yoipa."

Anandifotokozera bwinobwino, ngati ndine wa Fomu 1. Ku America liwuli akalinena pa munthu, limakhala njira yaulemu yonenera kuti mnzathuyu kukongola kunamulambalala. "Ugly" ndi chibonga, amakumenya nacho poyera. "Homely" ndi lija amanong'onezana azakhali paukwati akamuona mkwatibwi. Akafuna kuyamikira nyumba kuti ndi yokoma kukhalamo, iwo amati "homey", popanda l. Chilembo chimodzi chokhacho, abale.

Ndinawerenga m'mutu. Kanayi pa mwana, kamodzi pa mayi. Pamaso pa amfumu. Pa vidiyo.

Thukuta linatuluka ngakhale kunali chisanu. Ndinathamangira kumene makolowo ankalimbana ndi nsima ndi mafoloko, ndinagwada bondo limodzi, n'kuyamba kukonza zinthu. Ndinati pepani, sindinatanthauze kuti ndinu ugly ayi, ndimati ndinu anthu "plain". Ine ndinkati osadzikongoletsa ndi matama, anthu wamba ngati ife. Madamu kumbuyo kwanga anangokhala pansi pa udzu. Kani "plain" ukanena pa mzimayi ndi nkhani yomweyo ya nkhope, ndipo pamenepo a ku Britain ndi a ku America amagwirizana. Ndinazima moto ndi palafini.

Bambo aja ndi amene anandipulumutsa. Anaseka chikhakhali mpaka foloko inagwa, akundimenya paphewa, n'kunena kuti zaka zonse za ukwati wawo sanamvepo munthu wolimba mtima chonchi. Mayi aja anamwetulira, koma kumwetulira kwa munthu amene akusunga nkhani.

Madzulo ake, magetsi alipo, ndinatsegula tsamba lija. Tanthauzo lachinayi linali pomwepo, ndi chizindikiro choti ndi Chingerezi cha ku North America, likundiyang'ana. Mkwiyo unandiwerengetsa zambiri usiku umenewo. Ndinapeza kuti "ugly" anabwera nalo m'Chingerezi ma Viking, anthu akale a kumpoto kwa Ulaya, ndipo poyamba linkanena chinthu choopsa, chochititsa mantha, zofanana ndi momwe ife timati nkhope ngati chilombo. Ndinapezanso kuti ku India, m'manyuzipepala momwe mabanja amalengeza kuti akufuna mkwatibwi, amalemba "homely" monyadira, kutanthauza mkazi wosamala pakhomo. Ndiye kuti mawu anga aja ndikanakayankhula ku Mumbai, bwenzi atandiveka nkhata yamaluwa. Vuto linali Ohio basi.

Nkhani sigona pasukulu. Lolemba ndikulowa mu Fomu 3, ndinapeza pabolodi atalemba ndi choko chachikulu: "Tanthauzo Lachinayi". Dzina la Dikishonale linafera pomwepo. Ahedi mpaka lero mwambo ukayandikira amandifunsa, "Aphunzitsi, mwawerenga mpaka pansi?" Pa Khirisimasi Madamu ananditumizira uthenga pa WhatsApp, pamodzi ndi chithunzi cha mayi awo atavala chitenje chomwe tinawapatsa. Pansi pake mayiwo analembetsa kuti moni wochokera kwa mzimayi homely kuposa onse mu Ohio.

Ndinawaonetsa mayi akunyumba. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine.

"Abambo ake, paja chaka chatha pa msonkhano wa mabanja kutchalitchi munanena kuti ine ndine homely. Munkanena wa ku Britain kapena wa ku America?"

Mwamwayi magetsi anathima.