Rozi woyera wa pa Bembeke

Kuno ku Dedza ukanena kuti ukulima, aliyense amaganiza za kachewere, kabichi kapena nyemba. Ndiye tsiku limene ndinapatula kachigawo ka dimba lathu n'kundandalikapo machubu a maluwa, amayi a bambo akunyumba anaima chapatali, manja kumbuyo, n'kufunsa kuti, "Kodi apongozi, zimenezi tidzathira nsinjiro?"

Timitengo toyamba anandibweretsera achemwali anga amene ankagwira ntchito yapakhomo ku Lilongwe. Pakhomopo panali mzere wa rozi woyera, ndipo mu Julayi akadulira, nthambi zinkangotayidwa kudzala. Iwo anatolako mtolo, n'kukulunga m'nyuzipepala yonyowa. Dzina lake sitinkalidziwa. Tinkangoti "woyera uja".

Chaka chachiwiri ndinadziyesa wochenjera. Duwa likafota osalidula pamatsala kachipatso, mkati mwake muli njere. Ndinati bwanji ndifese ngati tomato, ndipeze mbande zambiri nthawi imodzi. Ndinadikira mpaka mtima kuwawa. Zinamera zowerengeka, ndipo zimene zinakula sizinafanane ndi make: zina zinali zonyozoloka, zina maluwa ake anali opyapyala ngati a kutchire. Machubu, manyowa ndi madzi otunga pamutu, zonse zinangopita.

Chifukwa chake ndinachimva kwa mayi wina amene anaimitsa galimoto pa M1 kuti agule maluwa a pa loji yawo. Anangoyang'ana n'kunena kuti, "Uyutu ndi Iceberg, amayi." Madzulo mwana wanga anafufuza pa foni. Rozi ameneyu anamutulutsa Reimer Kordes wa ku Germany mu 1958. Anatenga mungu wa rozi wotchedwa Virgo, woyera, wa duwa lalikulu, wa ku France wa mu 1947, n'kuupaka pa duwa la Robin Hood, wa ku England wa mu 1927, amene amabereka timaluwa tofiirira tambirimbiri pa nthambi imodzi. Ndikamuyang'ana ndimati kuyera anatengera bambo, kubereka mowunjikana anatengera mayi. Tsono njere za mwana wotere zimasakaniza za makolo mwanjira ina, sizibweza iye mwini. Ndiye kuti Iceberg aliyense, kaya ali ku Johannesburg kaya pano pa Bembeke, ndi chiduswa cha tchire limodzi lomwe lija la mu 1958, chongodulidwa kapena kukwatitsidwa, kupatsirana dzanja ndi dzanja. Mu 1983 bungwe la World Federation of Rose Societies linamusankha kukhala rozi wokondedwa pa dziko lonse. Ife tinamutola kudzala.

Kuyambira pamenepo bizinesi yathu ndi ya timitengo basi. Kumapeto kwa Julayi, kuzizira kukayamba kuchepa, timadulira matchire aakulu. Pa nthambi zimenezo timasankha zonenepa ngati pensulo, kudula utali wa chikhatho, kuchotsa masamba a m'munsi, n'kuzika mu chubu cha dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje. Pamwamba timaika chisakasa cha udzu. Ntchito yaikulu ndi kugwira mtima: munthu umafuna kuzulako kamodzi kuti uone ngati mizu yatuluka, ndipo kamene wazulako nthawi zambiri sikachira. Tikaona timasamba tatsopano takhwima m'pamene timadziwa kuti kagwira.

Akakula amafika m'chifuwa mwa munthu wamkulu, pafupifupi mita ndi theka, ndipo amatambalala. Minga ndi yochepa, moti ana anga amadulira osalira. Masamba ake ndi obiriwira mowala. Maluwa akafota mumangodula tsango lonselo, posachedwa kwatuluka lina. Fungo lake ndi lapatalipatali, ndipo ogula ofuna rozi wonunkhira ndimawauziratu, asadzabwere ndi mkwiyo.

Mkwiyo unabwerabe, koma pa nkhani ina. Bambo wina anagula machubu 30 a pakhomo pa tchalitchi chawo. Mu Juni ndinangoona atulukira pa njinga yamoto, duwa lili m'thumba la jekete. "Mayi, tinagwirizana oyera. Nanga izi?" M'mphepete mwa duwalo munali timadontho ta pinki. Ndinawatengera ku matchire anga, onse anali chimodzimodzi. Iceberg akamva kuzizira amachita manyazi motero, ndipo kuzizira kwa Dedza mukukudziwa. Ndinati adikire dzuwa la Okutobala, akapanda kuyera ndidzabweza ndalama. Sanabwerenso kudzatenga.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi dzinja. Mvula ikalimbikira mu Januwale ndi Febuluwale, masamba amachita mawanga akuda, kenako achikasu, n'kuyoyoka. Rozi ameneyu matendawa amamukonda. Timatola masamba ogwawo n'kutentha, timathirira pansi osati pamwamba, ndipo timabzala motalikirana kuti mphepo izidutsa. Mbuzi nazo zimamudya ngati chisoso, mpanda wa nsungwi tamanga kawiri.

Ogula ambiri ndi a maloji, a matchalitchi ndi amene angomaliza kumanga nyumba. A maukwati amafuna maluwa odula, koma tsinde la Iceberg ndi lalifupi ndi lofewa, ndiye timawagulitsa a m'mabotolo a patebulo okha.

Chaka chatha, titamanga chiliza cha malemu apongozi aamuna, amayi a bambo akunyumba aja anabwera ku nazale m'mawa, anayenda m'mizere osayankhula, kenako analoza machubu awiri. Ndinawanyamulira mpaka kumanda. Madzi amakathirira okha Loweruka lililonse.