Keke ya uchi yomwe inathawa m'chitini

Ayuda ali ndi keke ya uchi yomwe amati lekach. Amaiphika pa Rosh Hashanah, chaka chawo chatsopano chomwe chimagwa mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, poti amadya zotsekemera kuti chakacho chizune. Kunyumba yomwe ndimaphikako ku Glenhazel, mu Johannesburg, adona anandipatsa kapepala: makapu 3 ndi theka a ufa wa tirigu, kapu 1 ya uchi, 1 ya mafuta ophikira, 1 ya khofi wakuda wozizira, 1 ndi theka ya shuga, mazira 3, sipuni yaikulu ya baking powder, yaing'ono ya soda, ndi sinamoni. Dzira lililonse umayamba waliswera m'tambula, likakhala ndi kadontho ka magazi umataya.

Nditasakaniza, zinatuluka zamadzimadzi ngati phala la wodwala. Ndi mmene zimayenera kukhalira, koma ine ndinaona ngati kapepalako kasokonekera mutu. Kanati zitini ziwiri, ine ndinakhuthulira zonse m'chimodzi mpaka m'milomo. Kanati uvuni ukhale pa madigiri 170, ine ndinaukweza kufika 200 kuti madziwo aphwe msanga.

Soda akakumana ndi uchi ndi khofi sachedwa kufufumitsa. Pasanathe mphindi 20 keke inakwera, inasuzumira kunja, n'kuyamba kutsetserekera pansi pa uvuni ngati masese otutuma m'mbiya. Uchinso umapserera mofulumira kuposa shuga. Utsi tolo! khitchini yonse, alamu ya moto ikulira, galu akuthandizira. Pamwamba pa keke bii ngati kunsi kwa mphika, m'kati mukadali phala. Nditangotsegula chitseko cha uvuni, pakati panagwa dzenje loti nkhuku n'kuikiramo mazira.

Ulendo wachiwiri ndinamvera. Zitini ziwiri, chilichonse chodzaza kungopitirira theka pang'ono, 170, mphindi 50, osatsegula uvuni mpaka zitakwana 40. Kamtengo komwe ndinabaya pakati kanatuluka kouma. Ndinazikulunga n'kuzisiya masiku awiri, chifukwa uchi umakoka chinyontho ndipo kekeyi imakoma ikagonera.

Tsiku la chikondwerero, dzuwa litapendeka, adona anaitembenuza uku ndi uku akugwedeza mutu.

"Yachoka bwino bwanji! Munapaka chiyani m'chitinimu?"

"Batala, adona," ndinatero, chifuwa patsogolo. "Sindinaumire ayi."

Kukhitchini kunangoti zii. Ayuda osunga malamulo awo a zakudya otchedwa kosher sadya nyama pamodzi ndi za mkaka, ndipo usiku umenewo kunali nyama ya ng'ombe yomwe ndinaphika ndekha. Kapepala kaja kamanena mafuta ophikira pa chifukwa chimenecho.

Keke sinafike patebulo. Alendo anatsukira mkamwa ndi maapozi oviika mu uchi, zitini zija anazimata chizindikiro cha buluu n'kuzisamutsira kukabati ya ziwiya za mkaka. Keke imodzi banjalo linamwera tiyi m'mawa mwake. Inayo adona anandinyamulitsa osanena kanthu, ndipo ndinalimbana nayo ndekha kuchipinda sabata yathunthu.