Momwe ndinadzutsira Yamaha DT125 yomwe inkakana kulira

Njinga yamoto ya Yamaha DT125 ndinaigula kwa bambo wina amene anapuma pantchito ya ulangizi wa zaulimi, ndipo iwo sanandibisire kuti inali itaima m'khonde kwa miyezi 10 osakhudzidwa. Nditafika nayo kunyumba ndinathiramo petulo watsopano, ndinatchera choko, yomwe imawonjezera petulo poiliza injini yozizira, kenaka ndinaponda kiki mpaka mwendo kuwawa, koma injini inangoti zii. Anyamata apamudzi anati tiikankhe pamtsetse, ine ndinakana, chifukwa kukankha njinga yomwe sukudziwa nthenda yake kumangotopetsa anthu.

Ndinayambira ku pulagi poti ndi kosavuta kufikako. Nditaimasula ndinapeza kuti ndi NGK B8ES yakale, yakuda ndi mwaye, koma youma ngakhale ndinali nditaponda kiki kambirimbiri. Ndinaibwezera m'kapu yake, ndinaigunditsa pamutu pa injini, ndipo poponda kiki kamoto kanaoneka kofooka komanso kachikasu. Pulagi yatsopano, yomwe ndinaitchera mpata wa 0.7 mm, inatulutsa moto wabuluu womveka kuthetheka, choncho mbali ya magetsi ndinaisiya. Moto ukanasowa kotheratu ndikanayamba kukayikira swichi yozimitsira injini, yomwe imagwira dzimbiri njinga ikakhalitsa, ndisanaganize zogula koyilo, yomwe imatumiza moto ku pulagi.

Chipangizo choyezera mphamvu ya pisitoni ndinalibe, motero ndinatseka bowo la pulagi ndi chala chachikulu n'kuponda kiki, ndipo mpweya unakankha chalacho mwamphamvu. Muyeso wotere si wodalirika kwenikweni, komabe unandikwanira kudziwa kuti maringi a pisitoni sanatheretu. Kenaka ndinathira kasupuni kamodzi ka petulo pabowo lomwelo, ndinamanga pulagi, ndipo nditaponda kawiri injini inalira kwa kanthawi kochepa n'kuzima. Apa nkhani inaonekera poyera kuti moto ulipo, mphamvu ilipo, koma mafuta sakufika.

Ntchito yeniyeni inali ku kabureta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya. Nditachotsa paipi pa kampopi ka thanki, petulo ankangodontha m'malo mothamanga, ndipo kasefa ka m'katimo kanali kodzaza ndi dzimbiri. Ndinatsuka thanki ndi kasefako, kenaka ndinamasula kabureta ya Mikuni n'kutsegula kambale kake kapansi, momwe ndinapezamo phula lobiriwira lonunkha, lomwe limatsalira petulo akauma. Jeti yaikulu, kachitsulo kokhala ndi bowo lodutsa petulo, inali yotseguka ndithu, ndipo apa ndi pamene ambiri amanamizika n'kumanga zonse msanga. Jeti yaing'ono, yomwe imadyetsa injini poiliza komanso ikamalira payokha, bowo lake ndi lochepa kwambiri moti poiyang'ana padzuwa kuwala sikunkadutsa. Kanjira ka choko nakonso kanali kotsekeka, ndiye n'chifukwa chake kutchera choko kuja kunalibe phindu. Ndinazinyika m'mankhwala otsukira kabureta, ndipo pobowola ndinagwiritsa ntchito kalusi kamodzi ka waya wa kopa, osati singano, pakuti chitsulo cholimba chimakulitsa bowo la jeti ndipo njinga imayamba kumwa mafuta mosalongosoka. Ndisanamasule sikuluwu ya mpweya ndinaipotokola mofatsa mpaka kumapeto ndikuwerenga, ndipo ndinapeza kuti inali yotsegulidwa kamodzi ndi theka, zomwe ndinalemba pakhoma ndi khala kuti ndisaiwale pobwezera.

Siponji yosefera mpweya inali itafumbwa, moti inkanyenyeka m'manja, ndipo ndinaikapo ina yonyowetsedwa ndi oyilo pang'ono.

Chinthu chimodzi ndinachichita mwamantha. Injini ya two-stroke, ngati ya DT125, ilibe oyilo wosambitsa pisitoni monga ya four-stroke, imadalira oyilo wopsera limodzi ndi petulo, amene pa DT125 amachokera m'kathanki kapadera kudzera pa pampu ya Autolube. Posadziwa ngati pampuyo inali ikugwirabe ntchito, ndinamasula sikuluwu yake yotulutsira mpweya mpaka oyilo anatuluka wopanda thovu, komanso m'petulo woyamba kuthira m'thanki ndinasakaniza 20 ml ya oyilo wa two-stroke pa lita iliyonse ya petulo. Utsi wochuluka kwa masiku awiri ndinauona kuti ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi pisitoni yokanirira chifukwa chosowa oyilo.

Nditamanga zonse ndinatsegula kampopi, ndinadikira kuti kambale kadzaze, ndipo pa kiki yachitatu injini inalira, utsi wabuluu n'kudzaza bwalo lonse. Nditayenda nayo makilomita 15 m'msewu wafumbi ndinamasulanso pulagi, ndipo nsonga yake inali yofiirira ngati tiyi wamkaka, chizindikiro choti mafuta akupsa bwino.