Nkhawa za mayi wapakati ndi thupi la mwana wake: mmene ndimazitsatira kusikelo

Mayi akabwera kusikelo koyamba, makamaka mimba isanapitirire masabata 12, ndimayamba ndi zodziwika kale: kulemera kwake, kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwa magazi ndi kukula kwa mkono. Magazi akachepera pa 11, kapena tepi ya pamkono ikasonyeza masentimita osakwana 23, ndimalemba moonekera m'buku lake. Kenako ndimatseka chitseko. Sindifunsa kuti "Muli ndi nkhawa?" chifukwa pafupifupi aliyense amayankha kuti ali bwino. Ndimati, "Amayi, usiku mukupeza tulo? Mukudya kangati patsiku? Kunyumba kuli mtendere?" Akanena kuti akuganiza kwambiri, ndimatenga mafunso 10 a EPDS, oyezera nkhawa ndi kukhumudwa kwa amayi, omwe alipo m'Chichewa. Funso lomaliza ndi la maganizo ofuna kudzivulaza. Akavomera limeneli, sabwerera kwawo asanaonane ndi wa zamaganizo tsiku lomwelo.

Chimene ndimalimbikira chonchi ndi nsengwa. Nkhawa ikakhalitsa, thupi la mayi limatulutsa cortisol wambiri, mchere wa m'thupi (homoni) umene umachuluka munthu akapanikizika. M'nsengwa muli enzyme (puloteni yosintha zinthu m'thupi) yotchedwa 11-beta-HSD2, imene imafooketsa gawo lalikulu la cortisol ameneyu asanafike kwa mwana. Mantha a tsiku limodzi imawakwanitsa. Koma miyezi yathunthu ya mantha, njala ndi kusagona imatha kuifooketsa, ndipo mwana amakula mochedwa m'mimba, thupi lake n'kuzolowera kusunga mafuta ndi kusamvera bwino insulin, imene imachepetsa shuga m'magazi. Ku Netherlands, anthu amene amayi awo anali ndi pakati pa nthawi ya njala ya 1944 mpaka 1945 anapezeka atakula ndi vuto la shuga kuposa anzawo, ndipo amene njalayo inawapeza mimba ili yaing'ono ananenepa kwambiri. Ku Quebec m'dziko la Canada, chimphepo cha madzi oundana cha Januwale 1998 chitadula magetsi kwa masabata, ana a amayi amene anavutika kwambiri anali olemera kuposa anzawo ali ndi zaka zisanu ndi theka. Chimene chinkalosera kunenepako chinali kukula kwa mavuto enieni amene mayi anakumana nawo. N'chifukwa chake mawu otonthoza okha sindiwadalira.

Ndimapempha mayi asankhe vuto limodzi lomwe likumusowetsa tulo, kaya ngongole, kaya chakudya, kaya nkhanza, ndipo timagwirizana chimodzi choti achite asanabwerenso. Za nkhanza ndimamulozera ku Victim Support Unit ya apolisi. Mwamuna kapena apongozi ndimawaitana pokhapokha mwiniwake atalola, chifukwa nthawi zina gwero la vuto ndi iwowo. Ndipo sindimuuza kuti "Musamadandaule, muvulaza mwana." Mawu amenewa amangomusenzetsa mlandu, ndipo ulendo wotsatira sanenanso kanthu.

Kuyambira mu 2016, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuonana ndi mayi kasanu ndi katatu asanabereke. Kuchokera pa masabata 24 ndimayeza kutalika kwa mimba ndi tepi: masentimita ayenera kufanana ndi masabata, kusiyana kwake kusapitirire awiri. Ikatsalira ndi atatu, ndimamutumiza kukajambulitsa. Mayi wa thupi lapakatikati ayenera kumawonjezera pafupifupi magalamu 400 pasabata m'miyezi isanu ndi umodzi yomaliza. Mapiritsi owonjezera magazi tsiku lililonse, mankhwala oteteza ku malungo a SP mwezi uliwonse kuyambira sabata la 13, ndi kugona m'neti sindizinyalanyaza, popeza malungo ndi kuchepa kwa magazi zimapweteka nsengwa yomweyo.

Mwana akabadwa wosakwana makilogalamu 2.5, timayamba kangaru (kumunyamula pachifuwa, khungu kukhudzana ndi khungu), ndipo amayamwa bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi. Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa chifukwa cha chikondi: amaona mwana wochepa n'kuyamba kumupatsa phala lothira shuga ndi zakumwa zotsekemera nthawi isanakwane kuti afanane ndi anzake. Mwana wobadwa wochepa amene wanenepa mofulumira ndiye amene ali pachiopsezo chachikulu cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi akadzakula. Choncho pa tchati ndimayang'ana msinkhu pamodzi ndi kulemera. Kulemera kukadumpha mizere iwiri msinkhu uli pomwepo, ndimakhala pansi ndi mayi, nthawi zambiri pamodzi ndi agogo, n'kuwerenga chilichonse chimene mwanayo wadya kuyambira m'mawa wa dzulo.